Kodi buku lotere ndimpatse mwana wanga?

Mayi wa ku Chilenje: Ndinagulira mwana wanga wamkazi wa Giredi 10 buku la nkhani ya chikondi cha achinyamata, koma nditaliwerenga ndisanampatse ndinakhumudwa kwambiri. Mnyamata ndi mtsikana akumana patsamba loyamba, pofika lachitatu alonjezana kale ukwati, ndipo m'buku lonselo mulibe kholo, azakhali kapena agogo olankhulapo kanthu. Mtsikanayo ntchito yake ndi kulira basi. Kodi ndimpatse kapena ndilibise?

Mphunzitsi wa ku Matero: Mayi, mpatseni, koma muliwerengere limodzi ndipo mumufunse ngati anaonapo mtsikana wa kuno ku Lusaka amene saganizako za mayeso a Giredi 12, za ndalama ya minibasi kapena za mawu a amayi ake. Ophunzira anga amazindikira msanga wolemba amene sanamvetserepo mmene achinyamata amalankhulira.

Mtsikana wa ku Kabwata: Amayi, mukalibisa adzalifunafuna kwa anzake. Ine chimene chimandipweteka m'mabuku otere n'chakuti nsanje ya mnyamata, ngakhale kulanda foni ya mtsikana, amailemba ngati umboni wa chikondi.

Mayi wa ku Chilenje: Zikomo aphunzitsi, nawenso mwanangu. Zolanda fonizo zilimodi, ndipo tidzayambira pamutu umenewo Loweruka.