Kanema wa chimoto chogwa kumwamba: ndi weniweni kapena wopanga?

NaPhiri_Area25:

Moni nonse. Ndine mmodzi wa oyang'anira gulu la WhatsApp la amayi a mumpingo mwathu, ndipo dzulo madzulo mayi wina waponyamo kanema amene wasokoneza anthu mitu. Mukanemamo mukuoneka chimoto chachikulu chobiriwira chikutsika kumwamba, chikudutsa pamwamba pa nyumba zamalata, kenako nkugwera kuseri kwa phiri. Chitangofika pansi pakumveka kuphulika nthawi yomweyo, moto nkubuka kuseri kwa phiriko. M'munsi mwake alembamo kuti zachitika ku Dedza Lachiwiri usiku, akuti chimwala chochokera mlengalenga. Kanema yense ndi wa masekondi ngati 15, ndipo ali ndi kachizindikiro kaja kosonyeza kuti watumizidwa kambirimbiri.

Amayi ena agwidwa ndi mantha, akuti ndi zizindikiro za masiku otsiriza. Ena ali ndi ana ku sukulu zogonera komweko ndipo sanagone. Ine sindikufuna kufufuta chinthu choona, komanso sindikufuna kuti gulu lathu likhale lofalitsa mabodza. Inu odziwa zamakamera kapena zamlengalenga, ndithandizeni. Munthu wamba ngati ine, wokhala ndi foni yokha, angadziwe bwanji kuti kanema wotere ndi weniweni?

WaMakamera_Joni:

Mayi NaPhiri, mwachita bwino kufunsa musanatumize kwina. Ine ntchito yanga ndi yoika makamera achitetezo m'mafamu ndi m'mashopu kuno ku South Africa, ndiye zithunzi zausiku ndimakhalira kuziona. Kanemayo sindinamuone, koma mmene mwafotokozeramu, chondikayikitsa choyamba ndi phokosolo.

Mwala wochokera mlengalenga umayamba kuwala uli kutali kwambiri, makilomita 80 mpaka 120 m'mwamba. Ukakhala waukulu umatsikako ndithu nkuphulika uli pa makilomita 20, 30 kapena kuposerapo. Kuwala kumafika m'maso nthawi yomweyo, koma phokoso limayenda pang'onopang'ono, kilomita imodzi pa masekondi atatu. Nchimodzimodzi mvula yamabingu: kumayamba kung'anima, kugunda kumabwera pambuyo. Ndiye chinthu chikaphulika makilomita 30 m'mwamba, khutu limadikira mphindi imodzi ndi theka, ndipo apo ndiye kuti muli pansi pake penipeni. Kanema wa masekondi 15 wokhala ndi kuwala ndi kuphulika pamodzi, nthawi zambiri phokosolo achita kuikamo.

Umboni wake ndi zimene zinachitika ku Chelyabinsk, ku Russia, m'mawa wa pa 15 February 2013. Chimwala cha mamita pafupifupi 20 chinalowa pa liwiro la makilomita 19 pa sekondi nkuphulikira pafupifupi makilomita 30 m'mwamba. Anthu ataona kuwala anathamangira pa mawindo kukasuzumira. Panapita mphindi ngati ziwiri kuli zii, kenako chiphokoso chinafika nkuswa magalasi. Anthu pafupifupi 1,500 anavulala, ambiri otemedwa ndi magalasiwo. Mukaonera makanema a tsikulo ojambulidwa ndi makamera a m'galimoto, chimoto chimadutsa popanda phokoso lake, mumangomva wailesi ya m'galimotomo. Makanema a kuphulika ndi ena, ndipo m'menemo kumwamba kwatsala mzere wa utsi wokha.

Chachiwiri ndi moto wobuka kuseri kwa phiri. Ichi ndiye anthu opanga makanema amachikonda, koma sizichitika motero. Mpweya umauchepetsa liwiro mwalawo, ndipo ukafika pa makilomita 20 kapena kuposa m'mwamba umazima. Kuchokera apo zidutswa zake zimagwa zili zakuda, osawala, kwa mphindi zingapo, ndipo pofika pansi zimakhala zofunda chabe kapena zozizira. Kuno pa 25 August 2024 anthu a ku Eastern Cape anaona chimoto m'mawa ndi kumva kugunda, ndipo kachidutswa kamene mwana wina anatola ku Nqweba kanali kofunda, koti nkugwira ndi manja. Sikanayatse udzu. Komanso maso amatinamiza: aliyense woona chimoto chotere amalumbira kuti chagwera kuseri kwa phiri la kwawo, chikhalirecho chili makilomita mazanamazana kutali, changobisika kumene thambo limathera.

Dzenje loyaka moto linapusitsapo dziko lonse. Mu October 2009 ku Mazsalaca, m'dziko la Latvia, kunatuluka kanema wa dzenje lalikulu m'munda, pansi pake pakuyaka chinthu. Manyuzipepala ambiri analengeza kuti kwagwa mwala. Asayansi atalipima masana anapeza kuti ndi lokumbidwa ndi anthu, ndipo kampani ya mafoni ya Tele2 inavomera kuti inakonza zonsezo pofuna kutchuka.

Tsopano za ntchito yanga. Musamayang'ane chimotocho, yang'anani pansi. Kuwala kwenikweni kumagwera pa chilichonse: malata amanyezimira, khoma limayera, ndipo mithunzi ya mitengo ndi mapolo imayenda mozungulira pamene chimotocho chikusuntha. Kamera nayonso imadzidzimuka. Kukawala mwadzidzidzi imadzichepetsera kuwala, chithunzi chonse chimada kwa kanthawi, kenako nkubwerera. Makamera ena achitetezo amachoka pa chithunzi chausiku chakuda ndi choyera nkuyamba kuonetsa mitundu, poyesa kuti kwacha. Wopanga kanema pa kompyuta amatha kujambula chimoto chokongola, koma kawirikawiri nyumba za pansi amazisiya mmene zinalili, mithunzi ili njii. Muonereninso pang'onopang'ono, muone ngati malata aja akusintha.

Onaninso wojambulayo. Nthawi zambiri mwala umawala masekondi awiri, asanu, kapena khumi ndi kanthu. Nthawi yotulutsa foni m'thumba palibe. Nchifukwa chake makanema enieni amachokera ku makamera amene anali akujambula kale: achitetezo, a m'galimoto, kapena munthu amene amajambula zina. Pamene mwala unagwa ku Peekskill, ku New York, mu October 1992, ambiri amene anajambula chimoto chake m'madera ena anali kumabwalo a mpira wa masukulu akujambula masewero. Ngati foni yaloza kumwamba kopanda kanthu, chimoto nkutulukira pakati penipeni ngati amachiyembekezera, dzifunseni kuti iyeyo amajambula chiyani.

Koma chachikulu kuposa zonsezi, mayi, ndi mboni yachiwiri. Chinthu chowala makilomita 80 m'mwamba sichioneka mudzi umodzi. Pa 2 June 2018 mwala wosapitirira mamita 3 unaphulika pamwamba pa Botswana, ndipo kamera ya pafamu ina pafupi ndi Ottosdal, kuno ku South Africa, inaujambula ili makilomita mazanamazana kutali. Akatswiri a Catalina Sky Survey ku Arizona anali atauona kale maola angapo usanafike, kenako unatchedwa 2018 LA, ndipo patapita masabata ochepa zidutswa zinatoledwa ku Central Kalahari Game Reserve. Kanema, makina oonera zakuthambo ndi miyala yeniyeniyo, zonse zinagwirizana. Chikadagwa ku Dedza, bwenzi a ku Lilongwe, Ntcheu, Salima ndi ku Angónia ku Mozambique akusimba, aliyense ndi mbali imene anachionera.

MkuluWaKuLiwonde:

Achimwene a ku Joni mwafotokoza bwino, koma ndiwonjezeko pang'ono pa nkhani ya mboni. Kwathu kuno makamera ndi ochepa. Kumidzi magetsi kulibe, ndipo usiku mafoni ambiri amakhala atathima. Choncho kusowa kwa kanema wachiwiri pakokha sikutanthauza kuti chinthu sichinachitike. Mboni zathu ndi anthu: alonda, asodzi ali panyanja, madalaivala oyenda usiku mumsewu wa M1, anamwino ogwira ntchito yausiku. Mayi NaPhiri, imbirani anthu otere awiri kapena atatu okhala madera osiyana, ndipo musawauze zimene mwaona mukanema. Angofunsidwa kuti Lachiwiri usiku munaona kapena kumva chachilendo? Mukawauza kaye, ena amavomera chifukwa cha ulemu.

Ndipo amayi a m'gulu lanu adziwe kuti miyala imagwadi ngakhale m'Malawi muno. Mu January 1981 kuno ku Machinga kunagwa mwala wolemera makilogalamu 93, ndipo wina wachitsulo unagwa ku Chisenga, m'boma la Chitipa, mu 1988. Nthawi imeneyo kunalibe wojambula, koma miyalayo inatoledwa, akatswiri anaipima nkuilemba m'kaundula wa miyala yamlengalenga. Kungodutsa malire kulowa Tanzania, ku Mbozi, kuli chimwala chachitsulo cha matani pafupifupi 16 chimene anthu amapita kukaona. Ndi chilengedwe ichi, chakhala chikuchitika kuyambira kalekale. Mantha asawagwire.

Mphunzitsi_Sayansi:

Moni amayi ndi abambo. Ine ndimaphunzitsa physics ku sekondale, ndipo ana asukulu amandibweretsera makanema otere kawirikawiri. Chimene ndaona nchakuti ambiri sakhala opanga ayi. Kanemayo amakhala weniweni, bodza limakhala pa mawu olembedwa m'munsimo. Wina amatenga chimoto cha ku Brazil kapena ku Japan cha zaka zapitazo nkulembapo dzina la boma lakwathu. Ngakhale tsiku la Chelyabinsk lija, kanema wa dzenje loyaka anafala monga malo amene mwala wagwera, chonsecho linali dzenje la gasi la Darvaza ku Turkmenistan, limene lakhala likuyaka kwa zaka zambirimbiri.

Njira yake ndi yapafupi. Imitsani kanemayo pamene pakuoneka nyumba ndi phiri, jambulani sikirini, chithunzicho muchiike pa Google Lens, chida cha Google chofufuzira zithunzi pa intaneti. Ngati kanemayo anatulukapo kale kwina, nthawi zambiri amapezeka ndi tsiku lake lakale. WhatsApp imachotsa zambiri zosonyeza tsiku ndi malo amene kanema anajambulidwira, ndiye musadalire tsiku limene wafika pa foni yanu. Yang'ananinso zing'onozing'ono: magalimoto akuyenda kumanzere ngati kwathu kuno kapena kumanja? Manambala ake ndi otani? Anthu akufuula m'chiyankhulo chanji? Phirilo ndi la Dedza limene timalidziwa? Amene muli ndi bandulo yokwanira, mabungwe a International Meteor Organization ndi American Meteor Society ali ndi masamba pamene anthu amalembapo zimoto zimene aona, ndi tsiku ndi malo. Malipoti ochokera kuno amakhala ochepa, koma mungapezepo kumene kanemayo anachokeradi.

Pali zinanso zoona koma zosakhala miyala. Zidutswa za roketi kapena setilaiti zikamabwerera pansi zimayenda pafupifupi makilomita 8 pa sekondi, pamene mwala suchepera makilomita 11 pa sekondi ndipo umatha kufika 72. Choncho mukaona timoto tambiri tikuyenda limodzi chopingasa, pang'onopang'ono, kwa theka la mphindi kapena kuposa, nthawi zambiri ndi zitsulo zopangidwa ndi anthu. Zina zimafikadi pansi: pa 30 December 2024 m'mudzi wa Mukuku, ku Makueni m'dziko la Kenya, munagwa chitsulo chozungulira cholemera pafupifupi makilogalamu 500, ndipo bungwe la Kenya Space Agency linati ndi cha roketi. Ndipo chija chofiira chokhala ndi mchira chimene chimaoneka kumadzulo dzuwa litangolowa, nkukhala pomwepo mphindi zingapo, ndi ndege imene mzere wa nthunzi yake waombedwa ndi dzuwa.

Ndichenjezenso mbali inayi. Masiku ano AI, luso la makompyuta lotha kupanga zithunzi ndi makanema ooneka ngati enieni, yachititsa kuti tizikana chilichonse chokongola. Usiku wa pa 18 May 2024 thambo la ku Spain ndi Portugal linasanduka labuluu, ndipo makanema ena ankaoneka ngati opanga. Anali enieni. Kamera ya European Space Agency ya ku Cáceres, ku Spain, inajambula chimoto chomwecho, ndipo anapeza kuti chinali kachidutswa ka nyenyezi yamchira koyenda makilomita 45 pa sekondi. Mtundu wobiriwira umene mwatchulawo, mayi, usakukayikitseni, zimoto zenizeni zimatero.

NaPhiri_Area25:

Zikomo kwambiri nonse. Ndachita monga mwanenera. Ndamuoneranso pang'onopang'ono, malata aja sakusintha ngakhale pang'ono pamene chimoto chikudutsa pamwamba pake. Alamu anga ndi mlonda pa Dedza boma, ndawafunsa mmene bambo a ku Liwonde ananenera, osawauza kanthu. Akuti usiku wonse anali panja, kunali nyenyezi, sanaone kapena kumva chilichonse. Mnzanga wa ku Linthipe wayankha chimodzimodzi. Pa Google Lens sindinapeze kanthu. Ndiwalembere chiyani amayiwa kuti amene anatumiza asachite manyazi? Ndi munthu wamkulu ndipo anatumiza ndi mtima wabwino.

WaMakamera_Joni:

Dzina lawo musalitchule, mayi. Lembani zimene mwapeza basi: mwafunsa anthu awiri a ku Dedza amene anali maso usikuwo, sanaone kanthu, ndipo mukanemamo kuwala sikukufika pa nyumba. Onjezani kuti ana ali bwino, pakuti chimene chawasowetsa tulo ndi chimenecho. Mayi amene anatumizawo muwaimbire kaye paokha musanalembe pagulu.

Muwauzenso kuti wina akadzaona chimoto chenicheni ndipo foni ili m'manja, asasiye kujambula chikazima. Apitirize mphindi zitatu kapena zinayi kuti phokoso likabwera ligwidwe, atchule mokweza nthawi ndi malo amene waima, ndipo aonetse nyumba kapena mtengo wodziwika kumbali imene chalowera. Ngati kwawala koopsa ngati masana, achoke pa windo.