Kuphunzitsa 3D kwa okonza m'kati mwa nyumba: tiyambe ndi pulogalamu iti?

mphunzitsi_wa_mapulani:
Moni nonse. Pali kalasi ya chaka choyamba ya ophunzira kukonza m'kati mwa nyumba. Pulani ya papepala akuitha, tsopano pakufunika 3D. Malaputopu awo ndi wamba, RAM ya 8 GB, opanda graphics card. Intaneti ndi ya bandulo, ndalama za layisensi palibe. Ena akuti SketchUp, ena Blender, ena akuti wosadziwa Revit ntchito sadzaiona. Tiyambe ndi iti, nanga oyamba kumene amapunthwa pati?

tepi_ndi_pensulo:
Aphunzitsi, pa makina amenewo yambani ndi Sweet Home 3D. Ndi yaulere, mukaitsitsa kamodzi mungogawana pa fulashi ndipo siifunanso intaneti. Wophunzira akamakoka khoma pa pulani pamwamba, m'munsimu akuliona litaimirira, choncho mutu umagwira msanga. Pulani ya papepala aijambule ndi foni, ailowetse ngati background image, pulogalamuyo iwafunsa kutalika kwa mzere umodzi womwe akuudziwa, sikelo yonse n'kukhazikika. Pomwe imaperewera ndi pa mipando: kabati yanuyanu simungaipangiremo, mumangotenga zopangapanga n'kusintha kukula kwake. Akafika pamenepo asamukire ku SketchUp. Dziwani kuti SketchUp Free imayenda mu browser, bandulo ikatha phunziro lathanso, ndipo siilola ma extension, timapulogalamu towonjezera. Ya pakompyuta ndi yolipira, ngakhale ophunzira ali ndi mtengo wotsikirako.

Koma asanayatse kompyuta, muwapatse tepi. Chipinda chomangidwa sichikhala sikweya ngati cha pa pulani. Ayeze makoma onse anayi, kenaka kuchokera pa kona kukafika pa kona yopingasa, mbali zonse ziwiri. Chipinda cha mamilimita 3000 ndi 4000 chiyenera kupereka 5000 kuchokera kona kufika kona. Chikapereka 5040 ndiye kuti kona yatseguka, ndipo kabati yomwe mwaijambula yothina idzasiya mpata. Kutalika kwa siling'i ayeze malo angapo. Alembenso pomwe pali masoketi, maswitchi, mapaipi a madzi, komanso mbali yomwe chitseko chimatsegukira. Zimenezi ndi zomwe zimaiwalika, kenaka wadiropu n'kutseka switchi.

Mu SketchUp mopunthwira ndi momwemomwe chaka chilichonse. Template, yomwe mumasankha poyamba fayilo yatsopano, ikhale ya mamilimita. Ikakhala ya mainchi, munthu akalemba 900 amapeza tebulo lotalika pafupifupi mamita 23. Chachiwiri, mizere ya SketchUp imamatirana. Tebulo likakhudza khoma musanalipange group, polisuntha limakoka khomalo. Chilichonse chikangotha kujambulidwa, dinani katatu, Make Group. Ngati chidzabwerezedwa, monga mipando kapena zitseko za kabati, Make Component, kuti mukasintha chimodzi zonse zisinthe. Ma tag, obisira ndi kuonetsera zinthu, aikidwe pa magulu amenewa, mizere ya m'kati ikhale Untagged.

Za dzuwa musatsate mavidiyo a ku Ulaya ndi ku America mwachimbulimbuli. Iwo amati zenera la kummwera ndilo lolowa dzuwa. Kuno tili kummwera kwa equator, m'mwezi wa June dzuwa limalowera mawindo a kumpoto. Ikani malo enieni pa geo-location, ndipo mzere wobiriwira wa SketchUp (green axis) uloze kumpoto, apo ayi mithunzi yonse ndi yabodza.

wa_ku_shedi:
Ndiwonjezere za makabati, poti chojambulacho chimakathera m'manja mwa kalipentala. Ophunzira amakonda kukoka bokosi limodzi n'kulipaka mtundu wa thabwa. Pa sikirini likuoneka bwino, koma palibe angadule bolodi poyang'ana zimenezo. Chidutswa chilichonse chikhale pachokha ndi kunenepa kwake. Bolodi ya melamine yofala ndi ya 16 mm, shiti yake 2750 ndi 1830; pulayiwudi ndi 2440 ndi 1220. Kabati ya 600 m'lifupi, shelefu ya m'kati ndi 568, chifukwa mwachotsa 16 uku ndi 16 uko. Woiwala zimenezi amadulitsa mashelefu onse osalowa. Sowo nayo imadya pafupifupi 3 mm podula paliponse, choncho zidutswa zomwe pa kompyuta zikudzaza shiti ndendende, ku shedi sizikwana.

Miyezo iyi aziidziwa pamtima: pamwamba pa kabati ya kukhitchini 900 kuchokera pansi, kulowa m'kati 600, tebulo lodyera 750, pokhalira pa mpando 450, njira yodutsa pakati pa makabati osachepera 900, koma 1200 ngati ophika ali awiri. Pakati pa zitseko za kabati pasiyidwe 2 kapena 3 mm. Kabati ikafika pa khoma siyani kachidutswa kotsekera ka 30 mpaka 50 mm, poti pulasitala sawongoka ndipo chogwirira chimagunda khoma. OpenCutList ndi extension yaulere yotulutsa mndandanda wa zidutswa, koma imafuna SketchUp ya pakompyuta. Pa ya browser alembe pamanja, n'kwabwinonso.

3D Warehouse, kotsitsako zinthu zopangapanga za SketchUp, muwaletse mwezi woyamba. Sofa imodzi yokhala ndi makwinya onse a nsalu imatha kulemera kuposa chipinda chonse, laputopu n'kuyamba kukakamira. Zambiri za mmenemo miyezo yake ndi yolakwikanso. Akadzayamba kutsitsa, aziona kaye kukula kwa fayilo, ayeze ndi Tape Measure, ndipo akafufuta chinthu achite Purge Unused, chifukwa chimatsalira m'fayilo ngakhale sichikuoneka.

kuwala_ndi_mthunzi:
Pa Blender ndisiyana nanu pang'ono, akuluakulu. Kuyamba nayo ayi, mabatani ake ndi ochuluka. Koma isachedwe kufika, chifukwa ndi yokhayo pa zonsezi yomwe nthawi imodzi ili yaulere kotheratu, yosafuna intaneti, yololedwa pa ntchito yolipidwa, komanso yotulutsa chithunzi choti kasitomala n'kukhutira. Pa malaputopu akale 4.0 kupita m'tsogolo imatha kukana kutseguka poti imafuna OpenGL 4.3, zikatero ikani 3.6 LTS.

Chipinda cha mu Sweet Home 3D chitulutseni ngati fayilo ya OBJ n'kuilowetsa mu Blender. Fayiloyo imakhala m'masentimita pomwe Blender imawerenga mamita, ndiye chimabwera chachikulu ka 100. Ikani scale pa 0.01, kenaka Ctrl+A, Scale. Mukalumpha pamenepa bevel (kusalaza m'mphepete) ndi ma texture (zithunzi zokutira zinthu) zimapotoka. Ma texture ndi HDRI (zithunzi zowalitsira chipinda) zaulere zili pa mawebusaiti a Poly Haven ndi ambientCG; tengani 1K kapena 2K, za 8K zingokuthereni bandulo ndi RAM. Tailosi ya 600 ioneke 600 pansipo, osati tailosi imodzi kudzaza theka la chipinda. Fayilo ikatsegulidwa pa kompyuta ina zonse n'kusanduka pinki, ndiye kuti zithunzi zinatsala. Asanapereke ntchito achite File, External Data, Pack Resources.

Kamera ikhale pakati pa 1.2 ndi 1.6 m kuchokera pansi, lens ya 24 mpaka 28 mm, rotation ya X pa 90 ndendende kuti makoma asapendekeke. Akafuna kuona siling'i asinthe Shift Y, osaweramutsa kamera. Pa Cycles, chotulutsira chithunzi cha mu Blender, ma sample 128 ndi Denoise akwanira poyeserera, resolution pa 50%. Chithunzi chotuluka mukadina F12 sichidzisunga chokha: Image, Save As nthawi yomweyo, magetsi asanachite zawo.

tepi_ndi_pensulo:
Revit isiyeni chaka chachiwiri kapena chachitatu. Autodesk, kampani yopanga Revit, imapereka layisensi yaulere ya chaka chimodzi kwa ophunzira ndi aphunzitsi akasonyeza umboni wa sukulu, ndipo imawonjezedwa, koma si yogwirira ntchito yolipidwa. Imayenda pa Windows pokha, ndipo zatsopanozi zimafuna RAM ya 16 GB. Kalasi yonse iike Revit yotuluka chaka chofanana, chifukwa fayilo ya Revit yatsopano siitseguka mu yakale.

mphunzitsi_wa_mapulani:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga pochonga, ndiziyang'ana chiyani kuti chithunzi chokongola chisandipusitse?

wa_ku_shedi:
Musalandire chithunzi chokha, aphunzitsi, apereke fayilo. Sankhani miyezo isanu, muiyeze m'fayilomo n'kufananiza ndi pepala lomwe analemba poyeza chipinda. Kenaka tsegulani zitseko zonse za makabati ndi cha chipinda mpaka madigiri 90 muone chomwe chikugunda. Pomaliza asindikize khoma limodzi la kukhitchini pa sikelo ya 1:20, Parallel Projection ya mu SketchUp itayatsidwa, muikepo rula: kabati ya 600 iyenera kutuluka 30 mm.