Mahedifoni anga asintha mawu, ndiwatsegule?

Membala wobisa dzina: Akuluakulu, ndithandizeni, mutu wanga sukugwira. Ndili ndi mahedifoni aakulu aja ophimba khutu lonse, osati timeneti togula pa Wenela. Anandipatsa achimwene anga a ku Johannesburg, ogwirapo kale ntchito koma amalira bwino moti pomvera kwaya umachita kumva munthu akukoka mpweya. Ndiye alamu anga anabwereka kuti akagwiritse ntchito pa chinkhoswe ku Machinjiri. Alamu omwewa ndi amene anatenga wilibala yanga, mukawafunsa amangoti tionana. Chibwezereni, besi ikagunda mbali imodzi ikulira ngati mwalowa ntchentche, komanso mawu onse apyapyala, besi yeniyeni ija yathawa. Mayi a kunyumba akuti ndisataye ndalama pa zidole pomwe lendi yakwera, koma ine ndikudziwa kuti akungoikira kumbuyo mchimwene wawo. Pa YouTube ndaona anthu akutsegula n'kuikamo thonje kuti mawu asinthe. Ndipange zomwezo? Kapena alipo mmisiri mu Limbe amene sangandisinthire kasipika? Chonde osanyoza.

Wokonza mafoni ku Ndirande: Bwana, ndi a kampani iti, nambala yake ndi chani? Kumbuyo kwake n'kotseka kapena kuli sefa? Mumalumikiza pa foni kapena pa chani? Popanda zimenezi tizingolota.

DJ wa ku Bangwe: TSEGULANI basi ayise! Mahedifoni osatsegulidwa ndi a anthu amantha. Thonje lija mumaika m'chigoba kumbuyo kwa sipika, limameza mawu obwerera, nyimbo imayera. Mawu akamabaya m'khutu mumayala kansalu kopyapyala kutsogolo. Besi ikachepa mumaboola kabowo kakang'ono kumbuyo, nkhani yatha. Kunja kuli anthu amene amagula mahedifoni a Fostex T50RP kuti akangophwasula basi, ena mpaka anatsegulira bizinesi pomwepo. Ife kuno timangoopa sikuludalaiva.

Mayi wa ku Zingwangwa: Chinthu chokhudza thupi sabwereketsa achimwene, thukuta la pa chinkhoswe lonse lija lili mmenemo. Ine anga mwana anatafuna waya, ndinapititsa kwa mnyamata wina mumsika. Anawotcherera bwino ndithu, koma kumanja kunapita kumanzere. Nditadandaula anandiuza kuti ndizingovala chotembenuza.

Mkulu wa ku Chirimba: Anthu akusowa ya chimanga inu mukulirira besi? Mverani mayi a kunyumbawo.

Mnyamata wa kabaza: Ntchentcheyo ipopereni mankhwala madala kkkk

Wa mu studio ku Chichiri: Musagwire sikulu ngakhale imodzi kaye. Kulira kwa ntchentche kuja kawirikawiri limakhala tsitsi limene lalowa n'kukhala pa kapepala ka sipika. Chotsani kapilo kophimba khutu kaja, unikani ndi tochi ya foni, mukaliona likokeni ndi kopanira kakang'ono, dzanja lisanjenjemere. Kapepalako kakakhala kuti kapindikira mkati, ena amakakoka pang'onopang'ono ndi selotepi yosamata kwambiri. Koma za besi yothawayo ine ndikukayikira timapilo. Pa mahedifoni otseka, kapilo kakang'ambika kapena kakapanda kugwira bwino khutu, mpweya umatuluka ndipo besi imapita nawo. Ngakhale nsalu yake imasintha mawu: ena amachotsa tachikopa pa Sony MDR-7506 n'kuikapo tansalu ta Beyerdynamic DT 250 kuti makutu asamatenthe, koma besi imatsikako ndithu.

DJ wa ku Bangwe: Za timapilo ndi za anthu ofuna kukugulitsani katundu. Ine ndaboola mahedifoni ambirimbiri, funsani aliyense amene anavinapo ku Bangwe.

Wokonza mafoni ku Ndirande: Ndipo ambirimbiriwo amathera pa tebulo panga, a DJ. Bowo silibwerera mwakale. Komanso mukumuuza munthu aike thonje osadziwa ngati chigoba chilipo. Akakhala ngati Sennheiser HD 600 kapena HD 650, kumbuyo kuli sefa chabe, anapangidwa kuti azipuma. Thonjelo aliika pati?

DJ wa ku Bangwe: HD 600 ndi ya 1997 ayise, ya agogo. Besi mulibe mmenemo. Inu konzani ma charging system, za nyimbo tisiyireni ife.

Wokonza mafoni ku Ndirande: Chabwino. Koma kwa mwini funso: ngati waya wake ndi wozula mbali zonse ziwiri, sinthanitsani. Vuto likasamukira mbali inayo, ndi waya, si sipika. Ngati si wozula, pezani wa multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, ayeze pa jaki, mbali iliyonse payokha. Manambala awiriwo afanane ndipo ayandikire ma ohm (muyeso wa mmene sipika imakanira magetsi) olembedwa pa mahedifoniwo. Mmisiri amene angatenge chowotcherera asanayeze, nyamulani katundu wanu muzipita. Waya wa koyilo ya m'kati mwa sipika ndi wopyapyala zedi, mukachedwetsa moto pamenepo waduka, sipika yafa.

Wophunzira wa ku Poly: Bwanji osayamba ndi EQ, pulogalamu yokweza kapena kutsitsa besi ndi mawu ena? Pa Windows pali Equalizer APO, pa Android pali Wavelet. Mumakweza besi osagwira sikulu, mukadana nazo mumangozimitsa. Wavelet imafuna mulembe dzina la mahedifoni kuti ikupatseni AutoEq, EQ yokonzedwa kale yoyenerana nawo.

DJ wa ku Bangwe: EQ ndi ya ana a sukulu.

Mayi wa ku Zingwangwa: A DJ, inu mukuyankha aliyense, kodi funsoli ndi lanu?

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse kupatula a ku Chirimba, chimanga ndinagula kale, musandiphunzitse kusamala banja. Amene mukundilembera ku inbox za wilibala, inde ndi yomweyo ya buluu. Dzina la mahedifoniwo linafufutika, chikungooneka ndi 250 ndi kachizindikiro kena. Ndimamvera pa foni. Timapilo ndi tatsopano, alamu anasintha okha, akuti takale tinang'ambika ku chinkhosweko ndiye anagula tena mu Limbe n'kumata ndi super glue.

Wa mu studio ku Chichiri: Aaa bwana! Nkhani yaikulu ngati imeneyi mukuitchula pano?

Wokonza mafoni ku Ndirande: 250 ndi ma ohm amenewo. Mahedifoni a ATH-M50x ndi 38 yokha, n'chifukwa chake amafuula pa foni iliyonse. Anuwo amafuna ka ampu, kachipangizo kowonjezera mphamvu ya mawu, kuti alire mokwanira. Koma poti kale amalira bwino pa foni yomweyo, wolakwa ndi timapiloto. Ndikuopanso kuti guluu wadonthera pa kapepala, ntchentche yanu ingakhale imeneyo. Musakande ndi lezala. Jambulani mbali zonse mutiponyere pano, tiwazindikira ndi maonekedwe.

DJ wa ku Bangwe: Ngati alowa guluu ndiye afa kale amenewo. Ndigulitseni ine ndikaboole, Airtel Money ilipo pompano.

Mayi wa ku Zingwangwa: Musagulitse achimwene. Kafunseni alamuwo kumene anataya timapilo takale, mwina pansi pake palembedwa nambala.

Membala wobisa dzina: Foni yawo sakuyankha. Loweruka ndikwera minibasi ya ku Machinjiri.