Mpweya wa radon m'nyumba ya lendi, tisamuke kapena?

Wofunsa: Abale anga a pagulu pano, pepani ndabisa dzina. Ndimasamalira okalamba ku Redruth, ku Cornwall kuno ku England, ndipo tikuchita lendi kanyumba kapansi, kaja ukasuzumira pazenera umangoona nsapato za odutsa. Mnzanga wa kuntchito atandinong'oneza za radon, mpweya woopsa wochokera m'nthaka, ndinaitanitsa timapulasitiki tiwiri toyezera, kena kuchipinda kena pabalaza, tinakhala miyezi itatu. Zotsatira zadutsa 300 pa muyeso wa radon mu mpweya (Bq/m³), pomwe kuno amati zikafika 200 uchitepo kanthu. A landilodi angoti muzitsegula mazenera. Kuzizira konseku? Ana awiri akumadandaula mutu, bambo awo amasutanso. Tulo sindikulipeza.

Mayi wa ku Plymouth: Achemwali, khazikani mtima pansi kaye. Radon sanunkha, saoneka, ndiponso sapweteketsa mutu. Kuipa kwake n'kwa zaka zambiri: amawononga mapapo mwakachetechete mpaka khansa. Mutu wa anawo ukundidetsa nkhawa pa chinthu china. Boyila yanu yotenthetsera nyumba anaiyeza liti? Gulani alamu ya carbon monoxide lero lomwe, mpweya wapoizoni wotuluka m'boyila yowonongeka, umenewo ndiwo umapha usiku umodzi.

Wofunsa: Mayo ine, alamuyo ilipo koma batire tinachotsa, inkalira pakati pa usiku.

Mayi wa ku Plymouth: Inkalira?! Bwezeretsani pompano, boyilayo muzimitse mpaka wodziwa za gasi aione, ana apite kwa GP, dokotala wanu wa m'dera.

Bambo wa ku Derby: Ine ndimagwira za zomangamanga. Dera lanulo pansi pake ndi mwala wa granite, muli uranium. Akamaphwanyika pang'onopang'ono amatulutsa mpweyawu, umalowa m'ming'alu ya simenti ndi momwe mwadutsa mapaipi. Mukatenthetsa nyumba, mpweya wofunda umakwera, nyumba n'kumayamwa wa m'nthaka ngati mwana pabere. Zenera ndi zongodzinamiza. Chenicheni amakumba kadzenje pansi pa nyumba, n'kuika paipi ndi fani yoponyera mpweyawo kunja. Ndi ntchito ya mwini nyumba, osati yanu. Mulembereni kalata, akazengereza kaonetseni zotsatirazo ku khansolo, ku ofesi ya zaumoyo ya Environmental Health.

Wina: Kwathu ku Ntcheu tinakulira m'nyumba yozira ndi dothi, tilipo mpaka lero.

Bambo wa ku Derby: Achimwene, ija mphepo imalowa ndi kutuluka paliponse. Zakuno anamata ngati botolo. Koma bambo a anawo, osutawo, auzidwe mosapsatira: a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati radon ndi wachiwiri kwa fodya poyambitsa khansa ya m'mapapo, ndipo amene amasuta ndiye amavulala kwambiri.

Wofunsa: Ndawerengera bambowo mokweza. Angoti zii, atuluka panja ndi ndudu yawo.