Mayi wa chipsera cha opaleshoni akukana kukadikirira ku boma, tithandizane nzeru

Mzamba, mbali ya Makanjira:
Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi mayi pano wandisowetsa tulo. Mimba yachitatu, masabata 36. Mwana woyamba anabereka yekha bwinobwino, wachiwiri anabadwa pa opaleshoni zaka zitatu zapitazo chifukwa anagona chopingasa. Ndamuuza kuti akadikirire nthawi yochira ku chipatala chachikulu cha ku boma, wakanitsitsa. Akuti akangofika kumeneko amung'ambanso, bola kwa agogo ena a m'mudzi mwawo amene anabereketsa ngakhale amayi ake. Mwamuna ali ku Joni. Mvula yayamba, ndipo msewu wathu mukuudziwa. Ndipange bwanji?

Mlangizi wa zaumoyo, Namwera:
Auzeni amfumu basi. Kwathu kuno wochilira pakhomo amalipa mbuzi, onse amadziwa. Azamba a kumudzi boma linawaletsa kale mu 2007.

Sisitala wa ku mateniti:
Achimwene, mbuzi imabwera mwana atabadwa kale, kapena maliro atachitika. Komanso chindapusa chili ndi kuipa kwake: zinthu zikavuta pakhomo, amachedwa kubwera kuopa kuti adziwika. Amafika kuno atataya magazi usiku wonse n'kumanena kuti anachilira panjira.

Achemwali a ku Makanjira, ndikufunseni kaye. Munamuuza kuti akupita kukachitidwa opaleshoni, kapena kuti akupita kukachilira pamalo pamene pali fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni?

Mzamba, mbali ya Makanjira:
Ndinangoti wa chipsera sachilira kuno, malamulo salola.

Sisitala wa ku mateniti:
Pamenepo iye anamva kuti mpeni ukumudikira. Chonsecho mayiyu ndi mmodzi mwa amene tingawalole kuyesa kubereka okha. Chipsera n'chimodzi, zaka zapitapo zokwanira, anaberekapo m'njira yabwino, ndipo chimene chinachititsa opaleshoni ija si kuchepa kwa njira ayi, ndi kagonedwe ka mwana uja. Ngati uyu walozetsa mutu pansi ndipo si wamkulu kwambiri, adokotala akamuona angathe kuvomera kuti matenda ayambe okha. Amene adzakhale naye ndi mzamba ngati inu nomwe, kumamvetsera mtima wa mwana theka la ola lililonse, kulemba pa patogirafu, pepala lotsatirira mmene matenda akuyendera. Kusiyana kwake n'kwakuti chipsera chikayamba kuphotchoka, fiyeta ili pakhomo pomwepo ndipo magazi owonjezera alipo. Chiberekero chikang'ambika, mwana amatha m'mphindi zochepa, mayi n'kumakhetsera magazi m'kati osaoneka kunja. Ambulansi yochoka ku boma kudzamutenga kwanuko n'kubwereranso, pamatope, simuyembekezere.

Koma musamulonjeze kuti opaleshoni kulibe. Muuzeni zoona: mwayi wobereka yekha ulipo, ndipo uli kokhako.

Namwino, Monkey Bay:
Ndiwonjezere za agogowo. Funsani mwaulemu ngati ayamba kale kumupatsa mwanamphepo. Amene sakuudziwa, ndi mankhwala achikuda ofulumizitsa matenda. Chiberekero chimakunga mosalekeza, osapumira. Pa mayi wopanda chipsera n'zoopsa kale, nanji pa uyu. Ngakhale kuchidikiro komwe, ena amalowa nawo m'botolo ngati tiyi, ndiye woperekeza naye amafunika kumulangiza.

Mlangizi wa zaumoyo, Namwera:
Ndamva, Sisitala. Komabe mukulankhula ndi munthu amene alibe mawu otsiriza. Kuno kwathu nkhani ya mimba saigamula mwini wake yekha. Pali amayi ake, pali amjomba ake eni mbumba. Mwamuna ali ku Joni, inde, koma ndalama ya thiransipoti ndi chakudya ichokera kwa iyeyo. Muimbireni pa WhatsApp mayiyo ali pompo, amve yekha kuchokera pakamwa panu.

Sisitala wa ku mateniti:
Apa mwalasa. Chakudya tisachipeputse. Kudikirira masabata atatu kapena anayi kumafuna ufa, ndiwo, nkhuni, sopo, ndi munthu wosamala ana otsala kunyumba, nyengo yake ino yodzala. Ambiri amene timati ndi osamva, vuto lawo ndi thumba la ufa.

Mzamba wopuma pantchito, Malindi:
Ana anga, ndikuwerenga zonse. Agogowo musawasandutse mdani. Mayiyo amawakhulupirira chifukwa amamutchula dzina, amamusisita msana, samukalipira, ndiponso ndi mkazi mnzake. Tisabise, alipo amayi kuno amene amaopa kuvula pamaso pa namwino wamwamuna kuposa mmene amaopera mpeni. Pitani nokha kwa agogowo, mwavala chitenje, mukhale pamphasa. Musayambe ndi za malamulo. Afunseni ngati anaonapo mayi amene matenda anali kuwawa kwambiri kenako n'kungoti zii mwadzidzidzi, mimba n'kusintha maonekedwe, thukuta lozizira lili kamukamu. Azamba akale ambiri anaziona ndipo saziiwala. Mukatero apempheni kuti iwowo ndiwo amuperekeze ngati omudikirira. Ulemu wawo m'mudzi sunachoke, mayiyo ali ndi munthu wake pafupi.

Namwino, Monkey Bay:
Musanamutumize onani magazi. Ngati ali ochepa, ayambiretu kuwakonza pano. Lembani bwino m'buku lake chifukwa cha opaleshoni yoyamba ndi chaka chake, anzathu a ku boma asavutike kufunsa. Zitenje, beseni, pepala la pulasitiki ndi lezala yatsopano akonzeretu.

Mzamba, mbali ya Makanjira:
Ndabwerako kumudzi kuja, tinapita ndi mlangizi wathu. Agogo poyamba anali olimba, koma funso lija la amayi a ku Malindi linawakhalitsa chete, kenako anayamba kufotokoza okha za mayi wina wa kalekale. Avomera kuperekeza. Mwanamphepo akuti anali asanayambe. Mwamuna watumiza ndalama pafoni, amjomba apereka ufa. Magazi ali pa 10.2, ndi ochepako pang'ono, ndamuwonjezera mapiritsi, mutu wa mwana uli pansi. Anyamuka Lachinayi m'mawa pa matola ngati mitsinje ilola. Chatsala n'chimodzi: wapempha kuti womupima akhale wamkazi. Sisitala, zingatheke?

Sisitala wa ku mateniti:
Masana zitheka. Usiku zimatengera amene ali pa ntchito, choncho musamutsimikizire. Lembani pempholo pamwamba pa kalata yomutumizira, ndipo akakwera galimoto mundiimbire.