Ndithandizeni kusanja osewera akutsogolo opambana onse mu NBA

Akuluakulu okonda mpira wa basketball, ndikupempha nzeru zanu. Ndimaphunzitsa achinyamata masewerawa kuno ku Ulongwe, m'boma la Angonia, ndipo andipempha kuti ndiwalembere mayina a osewera akutsogolo opambana onse m'mbiri ya NBA, ligi yaikulu ya basketball ya ku America, kuyambira woposa onse kutsika m'munsi.

Pamwamba ndaika LeBron James, amene anatenga chikho kanayi ndi matimu atatu, ndipo mu February 2023 anapitirira mapointi 38,387 a Kareem Abdul-Jabbar, amene panthawiyo anali ochuluka koposa m'mbiri ya NBA. Pamene mutu waima ndi pa malo achiwiri. Larry Bird anatenga zikho zitatu ndi Boston Celtics komanso anasankhidwa kukhala MVP (wosewera wopambana onse pa chaka) zaka zitatu zotsatizana, kuyambira 1984 mpaka 1986, pomwe Tim Duncan anapatsa San Antonio Spurs zikho zisanu pakati pa 1999 ndi 2014. Mtima wanga uli kwa Duncan chifukwa cha luso lake lotchinga pansi pa nkhata, ntchito imene anyamata anga amaipeputsa pothamangira kuponya ali patali. Komabe, kodi n'chilungamo kuyerekeza awiriwa, poti Bird ankasewera ngati small forward (wakutsogolo wosewera chapatali ndi nkhata) ndipo Duncan ngati power forward (wakutsogolo wosewera pafupi ndi nkhata)?

Funso lina likukhudza Karl Malone, amene anagoletsa mapointi 36,928 koma sanatengepo chikho, atagonja kwa Chicago Bulls mu 1997 ndi 1998. Kodi ayenera kukhala pansi pa Dirk Nowitzki, amene anachitenga mu 2011? Chonde mundiuze muyezo umene inu mumatsatira, ndiponso malo amene mungapatse Kevin Durant ndi Giannis Antetokounmpo.