Mphaka wanga amalira ngati kuti sanadye, ndizimupatsa chochuluka bwanji patsiku?

Mayi wa ku Area 25:
Moni nonse. Ndili ndi mphaka wamkazi, timamutchula kuti Nyenyezi. Ndinamutola ali kakhanda kuseri kwa msika wa Nsungwi, pano ali ndi zaka ziwiri ndi theka. Chaka chatha tinakamutseketsa kubereka, ndipo chichokereni kumeneko wangonenepa. M'mawa ndimamuthirira chakudya chouma chogula chija, kapu ya tiyi yodzaza. Masana adzukulu amamusakanizira mkute ndi msuzi wa usipa. Madzulo akayamba kulira m'miyendo, bambo kunyumbaku sapirira, amamuponyera kanthu. Dzulo anafuna kudumphira pa windo pomwe amakonda kuothera dzuwa, anangokanda khoma n'kugwa chagada. Mtima unandiwawa. Ndithandizeni, muyeso wake ndi uti?

Mlimi wa nkhuku, Lunzu:
Amayi, yambani mwamuyeza kaye. Ine wanga ndimamulowetsa m'chikwama n'kumupachika pa sikelo yoyezera chimanga ija. Mphaka wamkulu wa makilogalamu 4 yemwe sayendayenda amafunika makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) 200 kapena kupitirira pang'ono patsiku. Chakudya chouma chimakhala ndi makalori pakati pa 350 ndi 400 pa magalamu 100 alionse, ndiye mukawerengera, magalamu 50 mpaka 60 akwana tsiku lonse. Osati chakudya cha m'mawa chokha ayi, tsiku lonse. Kapu yanuyo ikadzaza ikhoza kufika magalamu 100, kutanthauza kuti Nyenyezi amadya za masiku awiri dzuwa lisanafike pamutu. Kumbuyo kwa paketi kumakhala tebulo la muyeso, koma mphaka wotseketsa mumupatse cha kumunsi kwa muyesowo, chifukwa njala imakula pomwe thupi likufuna zochepa.

Chinanso, m'sisiteni m'mbali ndi zala. Nthiti zizimveka mosavuta ngati mafupa a kuseri kwa dzanja lanu. Mukachita kukanikiza kuti muzipeze, mafuta achuluka.

Agogo a ku Nkhotakota:
Mwanawe, za masikelo anena anzathuwa, ine ndinenepo za nsima. Ndasunga amphaka kuyambira ndili mtsikana, ankatitetezera nkhokwe ku makoswe. Amene ankakhala ndi ubweya wosalala ndi omwe ankadya mbewa ndi nsomba, osati a mkute. Mphaka ndi wa nyama. Nsima imangomudzaza mimba, ndiye pakapita kanthawi walira kale. Usipa muziphika paokha popanda mchere ndi anyezi, chifukwa anyezi ndi adyo zimaononga magazi a mphaka. Msuzi wa ndiwo zanu ulekeni m'mbale zanu. Mkaka nawonso amphaka akuluakulu ambiri amatsegula nawo m'mimba, madzi oyera ndi okwanira.

Koma vuto lenileni m'nyumba mwanumo si kapu. Odyetsa mwachuluka. Aliyense akuganiza kuti mnzake waiwala.

Mlongo wanu ku Zomba:
Achemwali, chonde musachepetse mwadzidzidzi. Mphaka wonenepa akakhala masiku angapo osadya bwino, mafuta amakaunjikana m'chiwindi ndipo amadwala zoopsa. Wanga ndinamuchepetsera msanga ndi mtima wofuna kuthandiza, anayamba kukana chakudya, tinathera kwa dokotala wa ziweto. Anachira, koma sindidzaiwala momwe ankangogonera pansi pa mpando, maso okha kuphethira. Muzichotsako pang'ono sabata iliyonse, atsike m'miyezi, osati m'masiku.

Ine ndimayeza chakudya cha tsiku lonse m'mawa n'kuchiika m'kabotolo kamodzi kokhala ndi chivundikiro. Aliyense wofuna kumupatsa amatapa mmenemo. Kakatha, katha. Tsiku lomwe wadya nsomba ndimachotsako chouma. Ndipo ngati simunamupatse mankhwala a njoka za m'mimba posachedwa, mufunse za amenewo, makamaka ngati amagwira mbewa ndi abuluzi panja.

Mayi wa ku Area 25:
Zikomo nonse. Ndabwereka sikelo kwa mayi wogulitsa mtedza pafupi ndi ife. Chikwama chokha ndachiyeza padera, Nyenyezi wakwana makilogalamu 5 ndi theka. Nthiti ndazifufuza mpaka iye anayamba kundinyambita dzanja, ndazipeza movutikira. Agogo, mwalasa: nditafunsa bwino ndapeza kuti tsiku lililonse amadya kanayi, ndipo mdzukulu wamng'ono waulula kuti amamugawirako mandasi. Kabotolo ndakapeza kale, ndalemba mzere ndi cholembera pomwe pazifika chakudya. Ndiyamba ndi magalamu 80 sabata ino, kuwagawa m'mawa ndi madzulo, kenako ndizitsitsa. Loweruka ndipita naye kwa dokotala akandiuze kulemera komuyenera. Bambo ndakambirana nawo, avomera, koma apempha kuti gawo lamadzulo azimupatsa ndi iwo.